Tsiku Limene Ndinamanga Ramadani ndi Matsire

Nkhani iyi ndaibisa zaka zitatu. Ndikuiulula lero chifukwa mkazi wanga wayamba kuifotokoza m'maukwati, ndipo amathiramo mchere wake. Ngati ndi manyazi, bola ndidzichititse ndekha. Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Mangochi, Mkhristu woimba besi mu kwaya, ndipo masiku amenewo ndinkadzitcha dokotala wa matsire.

Udokotalawo sunali wamasewera. Anzanga akamagwira mitu Lolemba m'mawa, ndinkawaphunzitsa ngati ana a sitandade folo. Usanayambe kumwa, meza supuni ya mafuta ophikira. Pakati pa mabotolo awiri, kapu ya madzi. Kanyenya asachoke patebulo. Kukacha, msuzi wa mang'ina wothira kambuzi wambiri, kenako botolo limodzi lozizira lochotsera matsire. Malamulo onsewa ndinkawadziwa pamtima, koma kuwatsata inali nkhani ina.

Tsono mwana wa mlongo wanga, Lonjezo, amakonza njinga zamoto ku Namwera. Kumeneko anapezako mbeta, Asiyatu, ndipo anamukonda mpaka kulowa Chisilamu. Ife akwawo sitinaletse. Chotsala chinali mawu a mjomba wake wa mtsikanayo, ndiye kuti amalume ake, Che Twaibu, omwe anayendetsa malole a ku Joni zaka zambiri asanabwerere kudzalima fodya. Iwowa anali atanena poyera kuti mnyamatayo alibe naye chifukwa, koma akukayikira mtundu wake. Mkulu wake wa Asiyatu anakwatiwa ndi munthu wa mowa, ndipo anabwerako ndi ana awiri ndi chikwama chimodzi. Ndiye anatumiza uthenga woti abwere malume wake wa mnyamatayo amuone ndi maso awo, adziwe nyumba imene mwana wawo akukalowamo. Iwo akakana, ukwati panalibe.

Malume wakeyo ndinali ine. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Tinapangana Loweruka, mkati mwenimweni mwa mwezi wa Ramadani, mwezi umene anzathu achisilamu amati akumanga: sadya, samwa ngakhale dontho la madzi, kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa litalowa. Sabata imeneyo Lonjezo anandiimbira foni katatu, nkhani yake imodzimodzi, yoti Lachisanu ndisalawe. Ndinamukalipira. Ndinamufunsa ngati ndi iye amene anandisintha matewera kapena ndi ine ndinamusintha iyeyo.

Lachisanulo masana, mnzanga wina wa ku Makawa anagula injini yatsopano ya boti lake, n'kutiitana kuti tikaitsuke ndi mowa. Ndinapita kukangopereka moni. Supuni ya mafuta ndinameza ndisananyamuke, poti munthu umayenera kuchenjera, ndipo limeneli ndi lamulo lokhalo limene ndinalisunga tsikulo. Kapu ya madzi ndinamwa imodzi, yachiwiri ndinaiona ngati yotaya malo m'mimba. Kenako wina anatulutsa kachasu wa nambala wani m'chigubu cha mafuta. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Zotsatira zake ndimangomva kwa anthu.

Ndinadzuka dzuwa litatuluka kale, mutu ukugunda ngati muli amayi awiri akusinja. Lilime linali ngati chiguduli. Mkazi wanga anali atasita suti ndi tayi, n'kuziika pampando. Ndinamwa madzi pang'ono, m'mimba munawabweza, ndinavala n'kuthamangira kudepoti.

Pulani inali yoti ndikamwe msuzi wa mang'ina ndisanakwere. Ndinapeza lesitilanti ya padepotipo yotseka, mwiniwake akumanga. Yachiwiri, chimodzimodzi. Galimoto ya ku Namwera inali itadzaza, kondakitala akundikoka dzanja. Ndinangogula chingamu ndi kachidutswa ka jinja n'kukwera. Mumtima ndinkati palibe vuto, nkhani ya ola limodzi iyi, ikamakwana leveni koloko ndidzakhala ndili pa botolo la madzi ozizira.

Amene anapanga makhona a ku Chowe sankadziwa matsire. Galimoto ikakhota kumanja, m'mimba munkapita kumanzere. Ndinafika ku Namwera nditagwira khomo la galimoto ndi manja awiri.

Lonjezo ankandidikira pa siteji, atavala mkanjo woyera ndi kofiya. Anandilandira ndi manja awiri, n'kuyandikira, kenako anabwerera m'mbuyo sitepe imodzi.

"Amalume, mwamwa."

"Dzulo. Lero ayi."

Sanakalipe. Anangoyang'ana pansi, n'kunena motsitsa mawu kuti Asiyatu wamudikira zaka ziwiri, ndipo Che Twaibu akanena ayi sabwereza. Anandipempha chinthu chimodzi: ndikhale patali ndi mkuluyo, ndipo ndisayankhule nditamuyang'ana. Ndinamva chisoni, ndithu. Mwanayu ndinamulera ndekha bambo ake atamwalira.

Tinawapeza Che Twaibu ali pakhonde la nyumba ya malata, munthu wamfupi, wa ndevu zoyera zodulidwa bwino, maso ake odekha osaphethira pafupipafupi. Anatilonjera m'Chiyao, kenako m'Chichewa chifukwa cha ine. Anandilozera mpando pafupi nawo, ine ndinaukokera kumapeto kwa khonde. Moni ndinayankha nditagwira pakamwa, nkhope ili kumbali. Ndinamva mayi wina kuseri kwa chitseko akunong'oneza mnzake kuti aphunzitsiwa ndi aulemu.

Tisanayambe n'komwe nkhani, akazi awo a Che Twaibu, Abiti Sumani, anatuluka ndi thireyi n'kugwada patsogolo panga. Munali mpunga, nkhuku yokazinga yathunthu, ndi jagi ya madzi ozizira yochita kutuluka thukuta kunja kwake. Che Twaibu anafotokoza kuti iwo onse akumanga, koma mlendo samangidwa ndi lamulo la eni nyumba. Amayiwo anadzuka kudzandiphikira ine ndekha, madziwo anakawaika mufiriji ya aneba. Ndilowe m'nyumba ndikadye momasuka, kenako tikambe.

Fungo la mafuta okazingira litandifika, ndinatembenuzira nkhope kumbali. Ndinadziwa kuti ndikangolawa kachidutswa kamodzi, zonse za ku Makawa zitulukira pamkeka wa eni ake.

"Pepani Che Twaibu, lero sindidya."

Ndinkafuna kuwonjezera kuti koma madziwo asiyeni. Ndisanatsegule pakamwa kachiwiri, mkuluyo anaweramira kutsogolo.

"Aphunzitsi, kodi mwamanga?"

Taganizani. Kukana nkhuku imene akuphera iwe wekha, popanda chifukwa, ndi chipongwe. Kunena kuti ndikudwala, akanafunsa matenda ake, n'kuyandikira kudzandigwira pamphumi. Ndinayang'ana Lonjezo, maso ake ali tuzu pa ine. Ndinagwedeza mutu kuvomera.

Kenako Che Twaibu anati "Mashallah," motsitsa, kutamanda Mulungu, ndipo Abiti Sumani ananyamula thireyi yonse. Jagi ija ndinaiperekeza ndi maso mpaka inalowa m'nyumba. Inali naini koloko m'mawa.

Ndinayesa kuthamangitsa nkhani. Ndinayamba mawu anga aja okonzeratu, akuti tabwera kudzapempha malo pakhomo pano, koma Che Twaibu anakweza dzanja. Anati mlendo wotere sabwezedwa ndi njala panjira. Munthu wa mpingo wina amene wamanga nawo chifukwa cholemekeza nyumba yawo ayenera kumasula nawo limodzi dzuwa likalowa, ndipo yankho la ukwati lidzaperekedwa titadya. Ndinawerenga maola ndi zala pansi pa jekete. Anali pafupifupi naini.

Nkhani m'mudzi siyenda pansi. Isanakwane teni koloko, anthu anayamba kubwera kudzaona Mkhristu wa ku boma amene wamanga. Anabwera achimwene awo a Che Twaibu, anabwera aneba a firiji aja, anabweranso mkulu wina wa kumzikiti woyenda ndi ndodo. Aliyense ankafuna kundigwira chanza. Ine ndinkapereka dzanja nditalitambasula, mpweya nditaugwira, mutu nditaweramitsa, ndipo ulemu wanga unkangokulirakulira m'maso mwawo. Mkulu wa ndodoyo anaona maso anga ofiira, misozi ikulengeza, n'kuuza anzake kuti tsiku loyamba limatero, mtima umafewa. Lonjezo anali atakhala pakona, akuyang'ana zala za kumapazi kwake.

Dzuwa litafika pamutu, malata anayamba kulira. Thukuta langa linali ndi fungo loti ine mwini ndinkalimva, ndiye jekete sindikanavula. Kukhosi kunali gwa, malovu atatha, chingamu chija nditachimeza kalekale. M'mutu mwanga munalibe pemphero, munalibe ukwati, munali madzi okhaokha: a m'nyanja, a pa mjigo, a m'chithaphwi chimene tinadutsa pamsewu.

Koma apa ndi pamene ndinayamba kuona zinthu zimene zaka zonsezi ndinkangozidutsa. Ndakhala ndi Asilamu moyo wanga wonse, ndaphunzitsa ana awo, ndimadziwa kuti amamanga. Sindinkadziwa kuti kumangako n'kotani. Kuseri kwa nyumba kunali chigafa, anthu akusoka fodya chiyambire m'mawa, akuseka, palibe ndi mmodzi yemwe wopita kukamwa. Asiyatu, mtsikana wowonda wamanyazi, anadutsa kanayi kuchokera ku mjigo ndi ndowa pamutu. Madzi ankatayikira, kuyenderera pamphumi mpaka pamilomo, iye n'kungopukuta ndi nsalu. Ndinamuyang'anitsitsa kuti mwina anyambita pang'ono. Sananyambite.

Itakwana nthawi yoswali, pemphero lawo la masana, amuna anakhala pamzere ndi maketulo, kusamba m'manja, kumaso ndi kumapazi. Ndinaona ndi maso angawa Che Twaibu, munthu wa zaka zoposa bambo anga, akuika madzi m'kamwa, kuchukucha, n'kulavula pansi. Katatu! Madzi afika kale palilime, mmero uli pompo, munthu n'kuwataya. Ine ndinangoti kukamwa yasa. Ndinachita mantha ndi anthu amenewa, mantha aulemu, ngati amene umamva ukaima pafupi ndi mlaliki woona.

Onse anapita kumzikiti, Lonjezo yemwe, n'kundisiya ndekha pakhonde kuti ndipumule. Pakona ya khondelo panali mtsuko wovundikira ndi mbale, kapu ya pulasitiki ili pamwamba.

Sindinama, sindinalimbane nawo mtima nthawi yaitali. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinavula nsapato kuti zisalire, n'kunyang'ama mpaka pamtsukopo. Ndinatunga kapu yodzaza. Madzi a mumtsuko mumawadziwa kuzizira kwake, ndi kafungo kaja ka dothi. Kapu itafika pachibwano, ndinamva kuti wina akundiyang'ana.

Abiti Sumani anali ataima pakhomo, lichero la mtedza lili m'manja. Milomo yawo inali youma, yosweka, yoyera m'mbali. Mayi amene anandikazingira nkhuku osalawa ngakhale mchere wake.

Ndinakweza kapu ija kupitirira pakamwa, kupitirira pamphuno, n'kudzithira yonse pamutu.

"Kutentha, amayi," ndinatero, madzi akutsikira m'tayi ndi m'matumba a suti.

"Eya, kwatentha," anayankha, n'kupitirira ndi lichero lawo.

Amuna pobwera anandipeza nditanyowa ngati nkhuku yogwa m'chitsime, nsapato zili kwina ine kwina. Lonjezo anatseka maso. Che Twaibu anangoti ndachita bwino, kudzithira madzi sikumasula munthu, ngakhale iwo ankatero m'misewu ya ku Tete.

Maola a masanawo sindingawafotokoze bwino, chifukwa ena sindikuwakumbukira. Ndikudziwa kuti mkulu wa ndodo uja anandipempha kuti ndinene mawu ochepa kwa achinyamata pa nkhani ya kudziletsa, ine, ndipo nditaimirira lilime linakakamira kumwamba, ndinangoti, "Abale, n'zovuta," n'kukhala pansi. Anthu anagwedeza mitu kuti ndanena zakuya. Ndikudziwanso kuti cha m'ma folo koloko mutu unayamba kuleka kugunda, thupi linapepuka, ndipo ndinayamba kumva manyazi enieni. Anthu awa ankachita zimenezi masiku makumi atatu chifukwa cha Mulungu wawo. Ine ndinkachita tsiku limodzi chifukwa cha injini ya boti.

Kukhitchini amayi ankakazinga mandazi, kuphika phala la mpunga ndi futali wa chinangwa wothira nsinjiro, utsi uli m'maso, wina osaika chala m'kamwa. Dzuwa litapendeka anayala mikeka pabwalo, n'kuika mbale ndi makapu a madzi, aliyense yake patsogolo pake. Tinakhala mozungulira, anthu ngati makumi awiri, ndipo palibe anagwira kapu. Nkhani zinatha zokha. Ngakhale ana, omwe sankamanga, anakhala phee. Chakudya chili apo, ludzu lili apa, anthu akudikira mawu a munthu mmodzi kumzikiti. Ndakhala m'mapemphero ambiri, koma bata ngati limenelo sindinalimvepo. Tsitsi linandiimirira.

Sipika ya kumzikiti italira, manja onse anapita ku makapu nthawi imodzi.

Abale, madzi! Ndamwa zinthu zambiri pa moyo wanga, zodula ndi zotchipa, koma chokoma ngati kapu imeneyo sindinachilawepo. Ndinawamva akutsika, akufika pachifuwa, akulowa m'manja mpaka m'zala. Anga anali osiyana ndi a enawo, munali kashuga, kamchere ndi ndimu. Nditakweza maso, Abiti Sumani anali akundithirira ena, nkhope yawo ili kumbali. Ndinamwa makapu asanu. Misozi imene inatuluka apa inali yeniyeni.

Titadya, iwo ataswali, Che Twaibu anaitana abale awo pakhonde. Ndinanena mawu anga aja, tsopano lilime likutembenuka bwinobwino. Mkuluyo anati m'mawa anadzuka ndi yankho lina, koma tsiku lawasintha maganizo. Mnyamata amene malume wake angapirire chonchi chifukwa cha iye si mwana wotayika. Asiyatu akwatiwe, tsiku tidzapangana mwezi ukaoneka. Kuseri kwa chitseko kunamveka nthungululu. Lonjezo anandigwira bondo.

Apa ndiye udokotala unabwerera. Mumtima ndinayamba kudzitama kuti ndapusitsa mudzi wonse, ndi mkulu wa kumzikiti yemwe. Ndinkakonza kale mmene ndikafotokozere anzanga.

Kunali galimoto ya m'bale wawo yotsikira ku boma, ndipo Che Twaibu anati andiperekeza okha mpaka pamsewu. Anandigwira dzanja, tikuyenda pang'onopang'ono, Lonjezo ali kumbuyo patali. Anandiuza kuti m'malole anagona ndi madalaivala a mitundu yonse, ndipo palibe fungo la munthu limene sangalitchule dzina. Langa analimva ndisanakhale n'komwe pampando. Anati akanatha kundibweza pomwepo, koma nditavomera kuti ndamanga, anafuna aone kuti bodza limeneli ndilisenza mpaka pati. Za mtsuko zija amayi anawauza.

Ndinafunsa ngati enawo ankadziwanso.

Anati aliyense amene anandigwira chanza. Mkulu wa ndodo uja ndiye anachita kupempha kuti amulole andiyankhulitse.

Ndinayamba kupepesa, mawu akuphonyana, koma anandisisita dzanja kuti ndisiye. Mawu awo anali atapereka kale, ndipo sabweza. Galimoto itaima, ananditsegulira okha chitseko, n'kuweramira pawindo.

"Aphunzitsi, mwamanga bwino, chaka chamawa mudzabwerenso. Koma pali chakudya chimene timadya m'bandakucha tisanamange, timati dakwi. Inu dakwi wanu mudzasinthe. Wa lero uja watiledzeretsa khonde lonse."

Ndiye anzanga, mafuta ophikira asiyireni ndiwo. Mankhwala a matsire ndi kugona ndi ludzu dzulo lake, apo ayi ludzulo lidzakupeza masana, apongozi akuonerera.